Nsangalabwi, mphepo ndi mphesa za mitundu 13: mmene banja la Perrin lasungira munda wa Beaucastel

Mlimi wa kwathu kuno mutamuimika pakati pa munda wa Château de Beaucastel n'kumuuza kuti hekitala imodzi ya malo ngati amenewa imagulidwa pafupifupi mayuro 500,000, akhoza kuseka chikhakhali. Dothi silioneka n'komwe. Paliponse pali nsangalabwi zokhazokha, zina ngati chibakera, zina ngati dzungu, zosalala ngati zotola mumtsinje. Khasu likangogunda pamenepo limabwerera lili lopindika. Pakati pa miyalayo pamatuluka timitengo tafupitafupi, tosafika m'chiuno, tokhotakhota ngati zala za gogo wodwala nyamakazi. Imeneyo ndiyo mipesa, ndipo ina mwa iyo ndi yaikulu kuposa anthu amene amaidulira.

Mundawu uli kufupi ndi tawuni ya Courthézon, kummwera kwa dziko la France, pakati pa mizinda ya Orange ndi Avignon, m'chigwa cha mtsinje wa Rhône. Gawo lake lalikulu lili m'dera la vinyo lotchedwa Châteauneuf-du-Pape, ndipo mipesa yake yonse imakwana mahekitala pafupifupi 100. Eni ake ndi banja la Perrin, lomwe lakhala pamalowa kwa mibadwo isanu. Banjali limalima lokha mphesa, kuzifinya, kusunga vinyo mpaka atakhwima ndi kumuthira m'mabotolo pompo. Ku France si onse amatero. Alimi ambiri amakagulitsa mphesa zawo kukopaletivi, ena amagulitsa kwa amalonda otchedwa négociants, omwe amasakaniza za uku ndi uku n'kulembapo dzina lawo. Botolo la munda wa banja limanyamula dzina la munda umodzi, ndiye chaka chikavuta palibe wina womuloza chala.

Miyala ija inabwera ndi mtsinje wa Rhône kalekale kuchokera kumapiri a Alps. Ambiri amati ntchito yake n'kumwa dzuwa masana n'kumabwezera kutentha ku mphesa usiku, ndipo n'zoona. Koma ntchito yaikulu kuposa imeneyo ili pansi. Mukafukula nsangalabwi imodzi m'mwezi wa Ogasiti, pamene mvula yatha masabata osagwa, mupeza dothi lofiira lamakande lili ndi chinyezi. Miyala imaphimbira nthaka monga mmene mapesi amachitira m'munda wa mlimi amene sanaotche zinyalala. Kuonjezera apo pali mphepo ya kumpoto yotchedwa mistral, youma ndi yozizira, imene imatsika m'chigwamo kwa masiku angapo osapuma. Asodzi a kunyanja amene amadziwa ukali wa mwera angaimvetse msanga. Imathyola mphukira zanthete, n'chifukwa chake mipesa yambiri kumeneko amaisiya yaifupi, yosayanga pa waya. Koma imaumitsanso masamba mvula ikangodula, moti chuku sichipeza mpata. Nthaka, miyala, mphepo, dzuwa ndi luso la anthu a pamalopo, zonsezi Afalansa amaziphatikiza m'mawu amodzi akuti terroir, ndipo malonda onse a vinyo wawo aima pa chikhulupiriro choti munda uliwonse uli ndi kakomedwe kakekake.

Apapa, tizilombo ndi mkamwini

Dzina loti Châteauneuf-du-Pape limatanthauza nyumba yatsopano ya papa. M'chaka cha 1309 Papa Clement V anakhazikika ku Avignon m'malo mwa Rome, ndipo amene anamulowa m'malo, Papa John XXII, anamanga nyumba yachifumu pachitunda cha mudziwo. Mabwinja ake alipo mpaka lero. Dzina la Beaucastel limaoneka m'zikalata mu 1549, pamene a Pierre de Beaucastel anagula khola ndi kamunda pamalo otchedwa Coudoulet. Banjali linali la Chiprotestanti. Mfumu Louis XIV italetsa chipembedzo chimenechi mu 1685, mdzukulu wina wa banjalo analowa Chikatolika ndipo mfumu inamupatsa udindo ku Courthézon mu 1687. Anzake amene anakana kusintha anathawa, ndipo ena mwa iwo anakafika ku Cape, ku South Africa, mu 1688 n'kukhazikika ku Franschhoek. Ndiye vinyo wa ku South Africa amene amadzaza mashelefu a masitolo a ku Lilongwe ndi ku Lusaka ali ndi kachibale ndithu ndi nkhani imeneyi.

Chimene chinatsala pang'ono kuthetseratu zonse ndi kachilombo kochepetsetsa, kofanana ndi nsabwe za m'masamba, kotchedwa phylloxera. Kanabwera kuchokera ku America pamodzi ndi mbande za mpesa, n'kuyamba kuoneka cha m'ma 1860 kutsidya kwa Rhône, pafupi ndithu ndi Châteauneuf. Kamaluma mizu, mabala aja amaola, ndipo pakatha zaka zochepa mpesa umauma. Alimi anayesa kuthira mankhwala m'nthaka, ena anamiza minda m'madzi, koma kachilomboko kanafalikira dziko lonse la France mpaka maiko oyandikana nawo. Mankhwala enieni anapezeka m'kumezanitsa. Mipesa ya ku America inazolowerana ndi kachilomboka ndipo mizu yake siifa, koma mphesa zake sizipanga vinyo wokoma. Choncho anayamba kutenga tsinde la ku America n'kulumikizapo nthambi ya mpesa wa ku Ulaya, monga mmene timamezanitsira mango. Mpaka lero pafupifupi mpesa uliwonse ku France ndi wotero: mutu wa kwawo, mizu yachilendo. Mukayang'anitsitsa tsinde pamwamba pang'ono pa nthaka muona chotupa pamene awiriwo anagwirana.

Mu 1909 munda wa Beaucastel, utasakazika ndi mliri uja, unagulidwa ndi a Pierre Tramier, amene anayamba kubzalanso. Iwo anausiyira mkamwini wawo, a Pierre Perrin. Dzina limene lero likudziwika padziko lonse linalowa pakhomopo kudzera ku ukwati, zomwe kwa Achewa sizachilendo, kungoti mkamwini uyu sanangolima munda wa apongozi, anaulandira. Mwana wawo a Jacques Perrin ndi amene anaumba Beaucastel amene tikumudziwa, ndipo anayendetsa mundawu mpaka imfa yawo mu 1978. Kenako anatenga ana awo awiri, a Jean-Pierre ndi a François, ndipo pano ana a amenewa ndiwo akugwira ntchito zambiri.

Pa nthawi imene banjali linkakhazikika, dzina la Châteauneuf-du-Pape linkabedwa. Amalonda ankatenga vinyo wa kwina n'kulembapo dzinali, ena ankagula vinyo wamphamvu wa m'derali kukalimbitsira vinyo wofooka wa kumpoto. Mu 1923 alimi, motsogozedwa ndi Baron Pierre Le Roy wa ku Château Fortia, anagwirizana malamulo awoawo, ndipo mu 1936 derali linakhala limodzi mwa oyamba kulandira chitetezo cha boma chotchedwa Appellation d'Origine Contrôlée, mwachidule AOC. Malamulowo salekerera. Mphesa ziyenera kuchokera mkati mwa malire a mahekitala pafupifupi 3,200 okhudza midzi isanu. Ziyenera kuthyoledwa ndi manja, makina saloledwa, ndipo zoipa ziyenera kuchotsedwa. Mphamvu ya mowa isatsike pansi pa maperesenti 12.5. Pa hekitala imodzi pasachoke vinyo wopitirira malita 3,500, omwe ndi mabotolo pafupifupi 4,700. Apa ndi pamene mlimi wa chimanga angadabwe kwambiri, chifukwa lamulo likuletsa kukolola zambiri. Mfundo yake ndi yoti mpesa ukabereka mopyola muyeso madzi a mphesa amasukuluka, fungo ndi kakomedwe zimachepa. (Mudzi womwewu mu 1954 unakhazikitsanso lamulo loletsa zombo za zolengedwa za kuthambo kutera m'minda yake. Mpaka pano palibe chimene chatera.)

Chifukwa chake mitundu 13

Lamulo limalola mitundu 13 ya mphesa, koma alimi ambiri amadalira mtundu umodzi wotchedwa Grenache. Siuvuta padzuwa, umapirira chilala, umakhala ndi shuga wambiri ndipo umatulutsa vinyo wofewa pakhosi, wonunkhira zipatso. Ku Beaucastel amalima yonse 13: Grenache, Mourvèdre, Syrah, Counoise, Cinsault, Vaccarèse, Muscardin, Terret noir, Picpoul, Clairette, Bourboulenc, Picardan ndi Roussanne. Mu vinyo wawo wamkulu wofiira, Grenache amangotenga pafupifupi maperesenti 30, ndipo Mourvèdre amatenganso chimodzimodzi. Apa ndiye pagona nkhani yonse.

Mourvèdre ndi mphesa yovuta. Imachedwa kupsa, moti m'zaka za m'ma 1950, pamene a Jacques Perrin ankaibzala mochuluka, Châteauneuf anali kumalire akumpoto kwenikweni kwa kumene ingapse bwino. Chaka chozizira inkatha kufika Okutobala isanapse. Vinyo wake akadali wamng'ono amakhala wouma mtima: wakuda, wa kafungo ka nyama ya m'tchire, wokhakhalitsa m'kamwa monga mmene zimakhalira ukaluma nthochi yosapsa. Kukhakhala kumeneko kumachokera ku chinthu china chotchedwa tannin, chopezeka m'makoko ndi m'njere. Koma Grenache ali ndi chofooka chake, sachedwa kuguga akakumana ndi mpweya, pomwe Mourvèdre amapirira. Mukawaphatikiza, wina amapereka kukoma, wina amapereka msana, ndipo botolo limatha kukhala zaka makumi awiri kapena atatu likukomerakomera. Counoise amaonjezera kafungo ka tsabola ndi kuwawasa pang'ono kotsitsimula, Syrah amaonjezera mtundu. Cinsault ndi amene ku Stellenbosch, ku South Africa, anamukwatitsa ndi mphesa ina yotchedwa Pinot Noir mu 1925 n'kubala mtundu watsopano wotchedwa Pinotage.

Mpesa wongobzalidwa umatenga zaka zitatu usanabereke zoti n'kupangira vinyo, ndipo zipatso zake zabwino kwambiri zimabwera mizu itazama, patatha zaka makumi angapo. Ndiye a Jacques ankabzala zinthu zoti phindu lake lenileni adzaliona ena. Vinyo wodula kwambiri wa pamundawu, amene amapangidwa zaka zabwino zokhazokha ndipo gawo lake lalikulu ndi Mourvèdre wa mipesa yakale, anayamba kupangidwa mu 1989, iwo atagona kale zaka 11. Ana awo anamutcha Hommage à Jacques Perrin, kutanthauza ulemu kwa bambo awo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pano wodekhayo sanawaone, anawaona ana.

Chinthu china chimene a Jacques anachita mosemphana ndi anzawo chinali kukana mankhwala. Nkhondo yachiwiri itatha, alimi a ku Ulaya anathamangira feteleza wa m'matumba ndi mankhwala opha udzu. Banja la Perrin limati linayamba ulimi wosagwiritsa ntchito zimenezi mu 1950, n'kumadalira manyowa a kompositi ndi kupalira, ndipo mu 1974 linayamba kutsata njira yotchedwa biodynamie. Njira imeneyi inachokera ku ziphunzitso za mu 1924 za a Rudolf Steiner, woganiza mozama wa ku Austria. Otsatira ake amayang'ana mwezi asanagwire ntchito zina, amawaza madzi a zitsamba m'munda, ndiponso amalonga ndowe m'nyanga ya ng'ombe n'kuikwirira nyengo yonse yozizira, kenako n'kusungunula ndoweyo m'madzi owaza m'nthaka. Kwathu kuno munthu wopezeka akukwirira nyanga m'munda nkhani yake ikathera kwa amfumu. Ine ndikuona kuti za nyanga ndi mwezi ndi chikhulupiriro chabe. Chimene chimagwira ntchito n'chakuti mlimi amene wadziletsa mankhwala amakakamizika kuyendera munda wake tsiku ndi tsiku, ndipo nthaka imene yadya manyowa kwa zaka 70 imasunga madzi kuposa imene yadya mchere wa m'thumba.

Chaka cha m'munda chimayamba m'nyengo yozizira, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene mipesa ili mbulanda ndipo anthu amaidulira umodziumodzi, atawerama, mphepo ikuwaomba kumaso. Mphukira zimatuluka chakumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, ndipo imeneyi ndi nthawi ya mantha, chifukwa chisanu cha usiku umodzi chimatha kuziwaula zonse. Mu Epulo 2021 zinachitikadi m'madera ambiri a France, alimi n'kumachezera kuyatsa moto pakati pa mizere. Maluwa amabwera chakumapeto kwa Meyi, ndipo Grenache ali ndi khalidwe loyoyola maluwa nyengo ikasokonekera. Kukolola kumayamba chakumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala. Popeza mitundu 13 siipsa tsiku limodzi, aganyu amabwerera m'munda kambirimbiri kwa masabata angapo, ndipo Mourvèdre amakhala m'gulu lomalizira.

Mphesa zikafika kunyumba yopangira vinyo zimayalidwa pathebulo, anthu n'kumachotsa zoola, zosapsa ndi masamba, ntchito yofanana ndi kusankha fodya asanamangidwe m'mabelo. Mtundu uliwonse umawira pawokha, wina m'matanki a simenti, wina m'zidebe zikuluzikulu zamatabwa. Yisiti imadya shuga wa m'madzi a mphesa n'kumusandutsa mowa. Madzi a mphesa zakuda ndi oyera, mtundu wofiira umachokera m'makoko, n'chifukwa chake makoko amasiyidwa momwemo kwa masiku ambiri, akumizidwa kapena kuthiridwa madzi ake omwe kuti asaume pamwamba. Vinyo woyera amafinyidwa msanga, makoko n'kutayidwa. A Jacques anayambitsanso kachitidwe kena komwe ena amakatsutsa mpaka lero: kutenthetsa mphesa mpaka madigiri 80 kwa kanthawi kochepa n'kuziziziritsa msangamsanga, pofuna kupha zinthu za m'makoko zimene zimagugitsa vinyo, kuti asamathire sulufule wambiri.

Kenako pamabwera ntchito imene makina sangaigwire. A m'banjamo amakhala pansi, matambula ambirimbiri ali patsogolo pawo, lililonse la mtundu wake ndi chigawo chake cha munda. Amalawa, kulavula, kusakaniza pang'ono, kulawanso, mpaka atagwirizana kuti chaka chino uyu alowe wochuluka bwanji. Wosakanizidwayo amakagona pafupifupi chaka chathunthu m'migolo ikuluikulu ya mtengo wa oak yotchedwa foudres, yotalika kuposa munthu. Amasankha yaikulu ndi yakale dala, chifukwa mgolo waung'ono watsopano umapatsa vinyo fungo la thabwa, pomwe iwo akufuna kuti vinyo apume pang'onopang'ono osasintha fungo. Si kuti zonse zakhala zikuyenda myaa. Vinyo wawo wa 1989 anasankhidwa ndi magazini ya ku America ya Wine Spectator kukhala wopambana onse mu 1991, koma mavinyo a zaka zomwezo anabutsanso mkangano, chifukwa ena ankamvamo fungo la m'khola la akavalo. Okonda Beaucastel ankati ndi khalidwe la Mourvèdre, otsutsa ankati ndi yisiti yosafunika yotchedwa Brettanomyces, imene imabisala m'migolo yakale. Mavinyo a zaka za pambuyo pake fungolo linachepa kwambiri.

Chovuta kuposa kupanga vinyo

Minda yambiri ya mabanja ku France simatha chifukwa cha chilala kapena matenda, imatha pa maliro. Kuyambira mu 1804, malamulo a Napoleon amati ana onse ali ndi gawo pa chuma chamasiye, ndipo kholo silingamane mwana. Ngati ana alipo atatu kapena kuposerapo, magawo atatu mwa anayi a chumacho ndi awo basi. N'chilungamo, koma munda umaduka zidutswazidutswa. M'dera lina la vinyo lotchedwa Burgundy, munda wa Clos de Vougeot wa mahekitala pafupifupi 50 uli ndi eni ake okwana 80, ena ali ndi mizere yowerengeka chabe. Pamwamba pa apo pali msonkho wa chuma chamasiye, umene pa chuma chachikulu umafika maperesenti 45, ngakhale pali njira zouchepetsera pa malo aulimi. Msonkhowo umawerengedwa potengera mtengo wa nthaka pamsika, osati ndalama zimene mundawo umabweretsa pachaka. Banja limapezeka kuti ndi lolemera papepala koma lilibe ndalama yolipira boma, kapena yogulira gawo la msuweni amene amakhala ku Paris ndipo za mphesa sizimukhudza. Zikatero amabwera a matumba akuluakulu. Château d'Yquem, umene unakhala m'manja mwa banja la Lur Saluces kwa zaka zoposa 200, unapita ku kampani yaikulu yogulitsa katundu wapamwamba ya LVMH chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 abale atagawanika. Clos des Lambrays unagulidwa ndi LVMH yomweyo mu 2014, ndipo Clos de Tart unachoka m'manja mwa banja la Mommessin mu 2017 kupita kwa mpondamatiki François Pinault.

A Perrin anapeza njira yawo: m'malo mogawana munda, anakulitsa ntchito kuti mwana aliyense apeze pogwira. Cha m'ma 1970 a Jean-Pierre anayambitsa La Vieille Ferme, vinyo wotchipa wokhala ndi chithunzi cha nkhuku, wopangidwa ndi mphesa za madera oyandikana nawo ndipo amagulitsidwa mochuluka kwambiri kunja. Banjali lili ndi minda inanso kummwera kwa Rhône, monga ku Gigondas ndi ku Vinsobres. Mu 1989 linagwirizana ndi a Robert Haas, amene ankagulitsa vinyo wawo ku America, n'kutsegula munda wa Tablas Creek ku Paso Robles m'chigawo cha California. Mbande zochokera ku Beaucastel zinasungidwa ndi boma la America zaka zitatu zikupimidwa matenda zisanaloledwe kubzalidwa. Kuyambira ndi zokolola za 2012 ndi a Perrin omwewa amene amapanga vinyo wofiirira pang'ono (rosé) wa Miraval, munda wa ku Provence umene unatchuka chifukwa cha akatswiri a mafilimu a Brad Pitt ndi a Angelina Jolie. Wina anganene kuti banja lotere lasanduka kampani, ndipo sanganame kwenikweni. Koma nkhuku za pa botolo lotchipa zija ndi zimene zimathandiza kuti Beaucastel asadulidwe. Ngakhale kumeneko malire amaluma: chigawo cha mundawu chimene chili kutsidya kwa msewu waukulu wa A7 chinatsala kunja kwa mzere wa Châteauneuf-du-Pape, ndiye vinyo wake, Coudoulet de Beaucastel, amagulitsidwa ndi dzina la vinyo wamba wa m'chigwachi, Côtes du Rhône, pa mtengo wotsika kwambiri, ngakhale alimi ndi omwewo ndipo miyala ndi yofanana.

Mavuto a lero ndi awiri. Afalansa eni ake achepetsa kumwa vinyo: m'zaka za m'ma 1960 munthu mmodzi ankamwa malita oposa 100 pachaka, pano ndi pafupifupi 40, ndipo m'dera la vinyo la Bordeaux boma lafika polipira alimi kuti azule mipesa. Lachiwiri ndi kutentha. Kummwera kwa Rhône kukolola kwafulumira ndi masabata awiri kapena atatu poyerekeza ndi zaka za m'ma 1950, ndipo pa 28 Juni 2019 mudzi wa Vérargues, kummwera komweko, unafika madigiri 46, mphesa n'kupserera pamtengo. Grenache dzuwa likanyanya amadzaza shuga msanga, vinyo n'kupitirira maperesenti 15, woti tambula imodzi yokha mutu wayamba kulemera. Mourvèdre uja ankachedwa kupsa tsopano akupsa pa nthawi yake, ndipo Counoise, amene alimi ambiri anamutaya, akufunidwanso chifukwa sakweza mowa. Ena m'derali akubzala lero zimene a Jacques anabzala zaka 70 zapitazo, ndipo adikira zaka zambiri kuti mizu izame.

Nyumba yatsopano yosungira vinyo imene banjali lamanga posachedwapa inajambulidwa ndi a Bijoy Jain a Studio Mumbai ya ku India. Makoma ake ambiri ndi a dothi lokumbidwa pamalo pomwepo n'kutsinderedwa m'zikombole, zimene kumudzi timati nyumba ya mdindo. Pansi pake pali chitsime chachikulu chosunga madzi a mvula ochokera padenga. Mistral ikaomba imakokedwa kulowa pansipo, imadutsa pamwamba pa madziwo n'kuzizira, kenako imakazungulira m'zipinda momwe muli migolo.